Zotsatira zikati si poliyo, nanga mwanayo akudwala chiyani?

Mu Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti mwana wa zaka zitatu wa m'boma la Lilongwe wapezeka ndi poliyo. Mwanayo anayamba kufa ziwalo mu Novembala 2021, chimbudzi chake chinakayezedwa ku South Africa kenako ku America, ndipo kachilombo kamene kanapezeka kanali pachibale ndi kamene kankazungulira ku Pakistan. Poliyo wa mtundu umenewu tinali titamuona komaliza mu 1992. Zimene zinatsatira tonse tinaziona ndi maso: alangizi a zaumoyo atanyamula mabokosi a katemera khomo ndi khomo, ku Mtandire, ku Kauma, kwa Chinsapo, kudonthezera ana m'kamwa n'kuwapaka inki pachala. Ntchito imeneyo inagwirika, ndipo ndilibe nayo mawu.

Mwanayo sanapezeke mwangozi. Pali dongosolo lakuti mwana aliyense wosakwana zaka 15 amene walobodoka mkono kapena mwendo mwadzidzidzi alembedwe, ndipo chimbudzi chake chitengedwe kawiri pasanathe masiku 14 chiyambireni vutolo. Bungwe la WHO limadziwa ngati dziko lili maso poona kuchuluka kwa ana olobodoka amene apezeka kuti alibe poliyo. Kuno kwathu ayenera kupezeka awiri kapena kuposerapo pa ana 100,000 aliwonse chaka chilichonse, ndipo akachepera pamenepo ndiye kuti sitikufufuza mokwanira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi 44 pa 100 aliwonse anali osakwana zaka 15. Werengerani nokha, mupeza kuti dongosololi limayembekezera ana oposa 150 pachaka, olobodoka koma opanda poliyo.

Nkhawa yanga ili pa ana amenewa. Dongosololi linapangidwa kuti liyankhe funso limodzi, ndipo limayankhadi. Koma mayi amene wabereka kumbuyo mwana wa zaka 8, amene sabata yatha ankasewera mpira ndi anzake, ali ndi funso lina. Akauzidwa kuti "si poliyo, mayi" nkhani n'kuthera pomwepo, amapita kumene angamuuze chimene chachitika, kaya kwa sing'anga, kaya kumapemphero a usiku, ndipo ine sindingamudzudzule. Ndikuti yankho lakuti si poliyo lizikhala poyambira. Kuti wachipatala adziwe choti achite ndi choti anene, ayenera kumvetsa zimene zimachitika pamalo ena aang'ono zedi m'mitsempha yoyendetsa minofu, phunziro limene ambiri amaliyesa la anthu a m'mayunivesite a kunja amene alibe odwala pamzere.

Uthenga wochoka kumsana kupita kuchala cha kuphazi umayenda m'kaulusi ka selo imodzi, ndipo mwa munthu wamkulu kaulusiko kamatalika pafupifupi mita. Chimene chimayenda ndi mphamvu ya magetsi, koma yochokera ku mchere wa m'thupi. Kunja kwa kaulusi kuli sodium wambiri, mkati muli potassium wambiri. Pakhungu pake pali tizitseko ting'onoting'ono, tina todutsa sodium, tina todutsa potassium. Ta sodium tikatseguka, sodium amakhamukira mkati, magetsi a pamalopo amasintha, ndipo kusinthako kumatsegula tizitseko toyandikana nato. Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley a ku Britain anafotokoza zimenezi ndi masamu ake omwe mu 1952, atayeza mtsempha waukulu wa nyama ya m'nyanja yotchedwa squid, ndipo mu 1963 analandira mphoto ya Nobel.

Kaulusi kopanda chokuta kamatumiza uthenga pang'onopang'ono, mita imodzi kapena ziwiri pa sekondi. N'chifukwa chake mukapunthwa chala pamwala mumayamba mwamva kugunda, ululu wonyerenyetsa uja n'kufika pambuyo. Mitsempha yoyendetsa minofu singachedwe choncho. Iyo imakulungidwa ndi maselo ena, amene m'manja ndi m'miyendo amatchedwa maselo a Schwann, ndipo amazunguliza khungu lawo lamafuta kambirimbiri. Chokuta chimenechi ndi myelin. Selo imodzi ya Schwann imakuta kachigawo kotalika pafupifupi milimita imodzi, pamatsala kampata, kenako selo ina imayamba. Louis-Antoine Ranvier wa ku France ndiye anafotokoza timipata timeneti m'zaka za m'ma 1870, ndipo mpaka lero timadziwika ndi dzina lake. Kampata kamodzi n'kotalika gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Uthenga umadumpha kuchoka pakampata aka kufika pakena, zimene Ichiji Tasaki wa ku Japan anaonetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, Huxley yemwe uja ndi Robert Stämpfli n'kudzatsimikiza mwa achule mu 1949. Podumpha chonchi liwiro limatha kupitirira mamita 100 pa sekondi.

Mabuku ambiri a ophunzira amathera pamenepa, ndipo apa m'pamene nkhani imayamba kukoma. Kudumphaku kumatheka pokhapokha tizitseko ta sodium titaunjikana pakampata. Pamalo a mbali zinayi, mbali iliyonse yotalika ngati kampatako, pamakhala tizitseko toposa 1,000, pamene pansi pa myelin timakhala tapatalipatali. Tsono khungu la selo si chinthu chouma. Ndi mafuta oyenderera, ndipo chilichonse chokhala mmenemo chimayandama n'kumwazika chikapanda chochigwira. Nanga chimagwira tizitsekoti n'chiyani, kwa zaka 70 kapena 80 za moyo wa munthu, mwendo ukupindika ndi kuwongoka tsiku lililonse?

Woweta mbuzi nthawi ya dzinja, chimanga chili m'munda, amadziwa njira ziwiri zopewera mlandu kwa amfumu: kumangirira mbuzi pachikhomo, kapena kuzitsekera mumpanda. Mtsempha umachita zonse ziwiri, ndipo zonse zimadalira mapuloteni omata, amene ntchito yawo ndi kugwirizitsa selo ina ndi inzake.

Kumangirira kumayambira kunja. Selo ya Schwann imatulutsa tizala timene timagwira kaulusi pakampata penipeni. Pa tizalato pali puloteni yotchedwa gliomedin, imene gulu la Elior Peles la ku Weizmann Institute ku Israel linaifotokoza mu 2005. Gliomedin imagwira mapuloteni awiri a pakhungu la kaulusi, neurofascin 186 ndi NrCAM, n'kuwasonkhanitsa pamalo amodzi. Mchira wa neurofascin 186 uli mkati mwa kaulusi, ndipo umagwira puloteni ina yotchedwa ankyrin G. Ankyrin G ndiye amagwira tizitseko ta sodium, kwinaku atakolekedwa pa ukonde wa puloteni yotchedwa spectrin umene uli pansi pa khungu. Mwachidule, selo yakunja ndiyo imaloza malo, ndipo uthenga wakuti "unjikanani pano" umadutsa pakhungu kupita mkati kudzera m'mapuloteni ogwiranagwirana. Ndingotchulako kuti ankyrin woyamba sanapezeke mumtsempha ayi. Vann Bennett wa ku America anamupeza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 m'maselo ofiira a magazi, akufufuza chimene chimawasunga kuti asaphulike pofinyika m'timitsempha ta magazi.

Mpanda uli mbali zonse ziwiri za kampata. Pamene myelin akuthera, mphepete mwake mumapindikira pansi n'kumatirira pakaulusi mozungulira. Chomatacho ndi mapuloteni atatu: Caspr ndi contactin-1 kumbali ya kaulusi, neurofascin 155 kumbali ya selo yokuta. Neurofascin 155 ndi neurofascin 186 amachokera ku jini imodzi, koma wina amapangidwa ndi selo yokuta, wina ndi kaulusi, ndipo ntchito zawo n'zosiyana. Kuseri kwa mpandawo, pansi pa myelin, kumasungidwa tizitseko ta potassium ta mtundu wa Kv1, togwiridwa ndi Caspr2 ndi contactin-2. Tizitseko timeneti tikatseguka timaziziritsa magetsi, choncho sitifunika pafupi ndi pamene uthenga ukuyenera kuyaka. Mpanda umagwira ntchito zitatu nthawi imodzi: umatsekera ta sodium mkati, umatsekera ta potassium kunja, komanso umaletsa magetsi kutayikira pansi pa myelin.

Tikudziwa bwanji kuti izi si zongojambula m'buku? Ofufuza anachotsa mapuloteniwa mmodzimmodzi mwa mbewa za mu labotale. Mu 2001 anaonetsa kuti mbewa zopanda Caspr zimakhala ndi myelin, koma mpanda palibe. Tizitseko ta potassium timasendera kufupi ndi kampata, uthenga umachedwa, mbewazo zimanjenjemera ndi kudzandira, ndipo zambiri sizikhalitsa. Mu 2005 gulu la Peter Brophy ku Edinburgh linachotsa jini ya neurofascin, kutanthauza kuti chomangirira ndi mpanda zinachoka pamodzi. Myelin anapangika, tizitseko ta sodium tinalipo, koma tinali tomwazika, ndipo mbewazo zinkafa zitangokwanitsa pafupifupi sabata imodzi. Atachotsa gliomedin yekha, tizitseko tinachedwa kusonkhana koma pamapeto pake mpanda unatikusira pakampata. Njira imodzi ikalephera inzake imagwirizira. Mu ubongo ndi mumsana, mmene okuta ndi maselo a mtundu wina otchedwa oligodendrocyte, mulinso njira yachitatu, ya mapuloteni odzaza mozungulira kampata.

Phunziro la mbewa zimenezi ndi limene ndikufuna clinical officer aliyense apite nalo kuwodi. Kaulusi kakhoza kukhala kamoyo, myelin akhoza kukhalapo, tizitseko tikhoza kukhala tokwanira, koma mwendo osagwira ntchito, chifukwa chakuti zinthu sizili pamalo pake. Ndipo zinthu zosokonekera malo zimabwerera msanga kusiyana ndi kaulusi koduka.

Namwino aliyense amene anasokapo bala anaseweretsapo kale tizitseko timeneti. Lignocaine amene amabaya kuti pachite dzanzi amatseka tizitseko ta sodium. Ophunzitsa za mankhwala ochititsa dzanzi amanena kuti mankhwalawo ayenera kufika pa timipata titatu totsatizana, chifukwa uthenga uli ndi mphamvu zotsalira zodumphira kampata kamodzi kapena tiwiri totsekeka. Mphamvu zotsalira zomwezi ndi zimene zimabisa matenda poyamba. Timipata tikhoza kumawonongeka munthu akuyendabe, kenako zotsalirazo zikatha amagwa ngati zangochitika usiku umodzi.

Poliyo atachepa padziko lonse, matenda amene amalobodola anthu mwadzidzidzi kuposa ena onse ndi a Guillain-Barré, otchedwa ndi mayina a madokotala a ku France amene anawafotokoza mu 1916 mwa asilikali awiri. Amagwira munthu mmodzi kapena awiri pa 100,000 aliwonse pachaka, ana ndi akulu omwe. Nthawi zambiri kufooka kumayambira kumapazi, mbali zonse ziwiri, n'kumakwera, ndipo dokotala akamenya pabondo mwendo sudumpha. Kumafika pachimake pasanathe masabata anayi. Odwala awiri mwa atatu aliwonse amakumbukira kuti masabata ochepa m'mbuyomo anatsegula m'mimba kapena anadwala chimfine ndi chifuwa. Kachilombo kodziwika kwambiri pa nkhaniyi ndi bakiteriya wa Campylobacter jejuni, amene amakhala m'matumbo a nkhuku ndipo amafala kudzera m'nyama yosapsa bwino ndi m'madzi oipa. Pakhungu lake pali timashuga tofanana ndi tomwe tili pa mafuta ena a pakhungu la mtsempha wa munthu, otchedwa ganglioside. Thupi likapanga ma antibody, amene ndi asilikali ake olimbana ndi bakiteriyayo, ena amasokonezeka n'kukaluma mtsempha, ndipo amafikira pamene pali poyera, pamene myelin sanakute.

Mu 2007 ofufuza a ku Japan ndi anzawo a ku America anatsatira zimenezi mwa akalulu. Ma antibody atatera pakampata, anaitana zida zina za chitetezo cha m'thupi zimene zimaboola khungu la selo. Tizitseko ta sodium tinamwazika, mpanda unamatuka, kampata kanatalika, ndipo uthenga unaleka kudumpha. Mtundu umenewu wa Guillain-Barré ndi wofala kumpoto kwa China, ku Bangladesh ndi ku Mexico. Ku Ulaya wofala ndi wina umene umasenda myelin weniweniyo. Sindikunena kuti mwana aliyense wolobodoka vuto lake lili pakampata. Ndikunena kuti ambiri mwa iwo mtsempha wawo sunafe.

Kusiyana kwake n'kwakukulu. Kuwonongeka kukathera pa kumwazika kwa tizitseko, mapuloteni omata amamanganso malowo ndipo mphamvu zimatha kubwerera m'masabata ochepa. Kukapitirira mpaka kaulusi kuduka, kamayenera kumeranso, ndipo kamamera pafupifupi milimita imodzi patsiku. Kuchokera m'chiuno kufika kuphazi la munthu wamkulu, zimenezo ndi zaka zoposa ziwiri, ndipo mnofu wodikira nthawi yonseyo umafota. Kumene chisamaliro chili chabwino, odwala pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse amayenda okha pakatha miyezi 6. Amene amamwalira kawirikawiri saphedwa ndi miyendo. Amafa chifukwa kufooka kwafika paminofu yopumira ndi yomezera, kapena chifukwa cha chibayo, zilonda zogonera ndi kusokonekera kwa kugunda kwa mtima. Mmodzi mwa odwala anayi kapena asanu amafunika makina othandizira kupuma kwa kanthawi.

Ndikudziwa zimene ena anene, ndipo si zopusa. Dziko limene kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700, limene malungo amadzaza mawodi a ana dzinja lililonse, lingataye nthawi ya ophunzira pa neurofascin? Adzawonjezera kuti mankhwala enieni a matendawa ndi okwera mtengo zedi. IVIG, amene ndi ma antibody osonkhanitsidwa kuchokera m'magazi a anthu ambiri opereka magazi, amaperekedwa magalamu awiri pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kutanthauza magalamu 120 kwa munthu wolemera makilogalamu 60. Njira ina, yosefa madzi a m'magazi, imafuna makina ndi anthu ophunzitsidwa. Ndiye kudziwa dzina la puloteni kungathandize chiyani wodwala wa ku Mitundu kapena ku Kabudula?

Mfundo ya mtengo ndikuivomereza, ndipo sindikupempha kuti chipatala chilichonse chisunge IVIG. Pamene ndikusiyana nawo ndi apa: amaganiza kuti kudziwa kumathandiza pokhapokha pali mankhwala odula. Pa matenda awa zili mosiyana. Wachipatala amene amakhulupirira kuti mwendo wolobodoka ndi mwendo wakufa amaona wodwala wopanda chiyembekezo, ndipo bedi limafunidwa ndi ena. Amene akudziwa kuti mtsempha ukhoza kukhala wamoyo ndipo ukudzimanganso amaona munthu woyenera kumusunga wamoyo kwa masabata atatu kapena anayi ovutawo. Zochita zake n'zosiyana kuyambira tsiku loyamba, ndipo zambiri sizifuna ndalama.

Amamuuza wodwala kuti akoke mpweya kamodzi n'kuwerenga mokweza, ndipo akalephera kufika pa 20 amadziwa kuti minofu yopumira yayamba kufooka. Amaona ngati angadzutse mutu papilo, ngati akutsamwa pomwa madzi, ngati mawu asintha. Amabwereza zimenezi kangapo patsiku, chifukwa wodwalayu sapuma mwaphokoso ngati wa chibayo, amangofooka mwakachetechete. Amamutumiza ku Kamuzu Central Hospital, kumene kuli chipinda cha odwala mwakayakaya, kupuma kusanavute, osati atayamba kale kubanika mu ambulansi pamsewu wa fumbi. Amamutembenuza pafupipafupi, amamudyetsa kudzera m'chubu ngati sakumeza, amayambitsa mafizo msanga kuti mfundo za miyendo zisaume, ndipo amaphunzitsa womudikirira kuchita zomwezo. Amapereka mankhwala a ululu, chifukwa matendawa amapweteka ngakhale mwendo sukuyenda.

Amadziwanso choti asapereke. Prednisolone amapezeka pafupifupi paliponse ndipo ndi wotchipa, choncho dzanja limathamangira komweko munthu akamva kuti vuto ndi chitetezo cha m'thupi. Kafukufuku wobwerezabwereza anaonetsa kuti pa Guillain-Barré sathandiza. Amangowonjezera shuga m'magazi ndi kutsegulira matenda ena khomo.

Ndipo asanatchule dzina la matendawa amayamba wachotsa zina zimene zimafanana nawo, zomwe kuno kwathu sizisowa. Potassium akachepa kwambiri m'magazi pambuyo pa kutsegula m'mimba, minofu imalobodoka, ndipo kumubwezeretsa kumadzutsa munthu m'maola ochepa. TB ya msana imapanikiza mtsempha waukulu, ndipo chizindikiro chake ndi msana wopweteka, mkodzo wosagwirika ndi dzanzi lokhala ndi malire pathupi. Jakisoni wobayidwa polakwika pathako amafoola mwendo umodzi wokha. HIV nayo imatha kuyambitsa Guillain-Barré, makamaka munthu akangotenga kumene kachilomboko, choncho kuyeza magazi n'kofunika.

Pa nkhani ya mtengo pali china choyenera kuchiyang'ana. Ku Bangladesh, kumene odwala ambiri sangakwanitse IVIG, madokotala anayesa njira yosefa madzi a m'magazi pang'onopang'ono pogwiritsa ntchito matumba wamba operekera magazi, mopanda makina odula. Anayesa pa odwala ochepa, ndipo cholinga chinali kuona ngati n'zotheka komanso ngati sizivulaza, choncho sindikuitcha njira yotsimikizika. Koma funso la mtundu umenewu ndi limene ofufuza athu a ku Kamuzu University of Health Sciences angalitole, m'malo modikira kuti mtengo wa IVIG udzatsike.

Tsono tibwerere kwa mayi uja ndi zimene angauzidwe. "Mayi, mwana wanu alibe poliyo, ndipo sanalodzedwe. Atatsegula m'mimba muja, asilikali a m'thupi mwake anasokonezeka n'kuvulaza mitsempha ya miyendo. Mitsemphayo nthawi zambiri imachira, koma pang'onopang'ono. Masiku akubwerawa akhoza kufookerako asanayambe kupeza bwino, ndiye tikufuna akhale pano tiziona kapumidwe kake." Mawu amenewa ndi oona, ndipo amene angawalankhule motsimikiza ndi yekhayo amene akumvetsa zimene zikuchitika pakampata. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma banja silingadekhe popanda woliuza chimene likudikira. Banja losauzidwa limatulutsa mwana m'chipatala sabata yomwe kufooka kukukwera. Likatero, mwanayo akapulumuka, kuchira kumene kukanabwera kale kumatamandidwa kwa sing'anga. Ndipo kufookako kukagwa pafupi ndi masiku a katemera, mudzi wonse umaloza chala katemerayo.

Pempho langa ku unduna wa zaumoyo ndi laling'ono. Anthu amene amatenga chimbudzi cha mwana wolobodoka amadziwa kale dzina lake, mudzi wake ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lake. Njira yofikira pakhomopo ilipo. Zotsatira zikabwera kuti si poliyo, mwana aliyense wotere azionedwanso, zizilembedwa kuti matenda ake anali chiyani, ngati akuyenda, ndi ngati anafika kwa a mafizo. Patapita zaka zochepa tingakhale ndi chithunzi chathuchathu cha matendawa, chochokera ku ntchito imene tikulipira kale. Kwa aphunzitsi a ku Malawi College of Health Sciences ndi masukulu ena a zaumoyo, pempho ndi lakuti phunziro la timipata ta Ranvier lisamakhale loloweza pokonzekera mayeso a chaka choyamba basi. Liziphunzitsidwa pamodzi ndi nkhani ya wodwala wolobodoka, tsiku lomwelo.

Palinso gulu lina la odwala, akuluakulu makamaka, limene mapuloteni omatawa ndiwo chandamale chenicheni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010 madokotala, kuphatikizapo Luis Querol wa ku Barcelona, anapeza odwala amene ma antibody awo amagwira contactin-1 kapena neurofascin 155, ndipo pambuyo pake kunapezekanso a Caspr. Ambiri mwa ma antibody amenewa ndi a mtundu wa IgG4, umene suboola khungu la selo. Umasokoneza kugwirana kwa mapuloteniwo, ndipo mpanda umamatuka monga zinachitikira mbewa zija. A neurofascin 155 nthawi zambiri amakhala achinyamata, amanjenjemera manja ndipo amadzandira poyenda. A contactin-1 ena amatupanso thupi chifukwa impso zikutaya mapuloteni mumkodzo. Kale onsewa ankaikidwa m'gulu la matenda okhalitsa a mitsempha, ofooketsa manja ndi miyendo, otchedwa CIDP, koma mu 2021 malangizo a madokotala a mitsempha a ku Ulaya anawapatula kukhala gulu lawolawo, chifukwa IVIG sawathandiza kwenikweni pamene rituximab, mankhwala amene amagwiritsidwanso ntchito pa khansa ya lymphoma, amawathandiza. Apa kudziwa puloteni yeniyeni kumapulumutsa banja kuti lisagulitse munda pogula mankhwala odula osathandiza.

Odwala amenewa ndi ochepa, ndipo kuyeza ma antibody awo kumachitika m'malabotale apadera. Koma chimene chimayamba kuwasiyanitsa ndi a Guillain-Barré chili m'manja mwa aliyense, ndicho kalendala. Guillain-Barré amafika pachimake pasanathe masabata anayi, kenako amaima. Kufooka kukamapitirirabe kukula patadutsa masabata 8, kapena kukamachoka n'kubweranso, ndiye kuti ndi matenda a mtundu wokhalitsawo. Pamenepo prednisolone yemwe uja, wopanda ntchito pa Guillain-Barré, amathandiza ambiri a CIDP, ndipo wodwalayo ndi woyenera kuonedwa ndi dokotala wa mitsempha. Choncho pomulandira wodwala wofooka miyendo, wachipatala afunse tsiku lenileni limene kufookako kunayamba, alilembe m'buku la kuchipatala la wodwalayo pamodzi ndi zimene akutha kuchita lero, kaya kuimirira, kaya kukweza mwendo pabedi, kuti amene adzamuone mwezi wamawa, ngakhale kuchipatala china, adzathe kuyerekeza.